Nkhuku zanga zanyama zikumafa masana: kodi ndi kutentha, kuthithikana kapena matenda?

Mlimi wa ku Nchalo analemba kuti:

Moni nonse akuluakulu amene mumaweta nkhuku. Ine ndimakhala ku Nchalo m'boma la Chikwawa, ndipo chaka chino ndi chachiwiri chiyambireni kuweta nkhuku zanyama. Khola langa ndi la njerwa zootcha, lofolera ndi malata, mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, ndipo lili ndi mawindo awiri a waya mbali imodzi ndi chitseko mbali inayo. M'mwezi wa Juni ndinaikamo anapiye 300, ndinawalera mpaka masabata asanu ndi limodzi, ndipo amene anafa sanakwane khumi. Nditaona kuti zinandiyendera, kumapeto kwa Seputembala ndinagulanso anapiye 300 a mtundu womwewo, chakudya ndikupereka chomwe chija, ndipo katemera wa chitopa ndi wa gumboro ndinapereka pa masiku ake.

Masabata atatu oyamba panalibe chodandaulitsa. Vuto layamba m'sabata yachisanu ino. Nthawi ikamakwana 11 koloko m'mawa nkhuku zimayamba kuyasamula milomo n'kumapuma mwawefuwefu, mapiko zitagwetsa, ndipo zimaunjikana pa zomwera ndi m'mbali mwa khoma osafuna kuyang'ana chakudya. Pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko masana m'pamene ndimatola zakufa, ndipo m'masiku anayi ndataya nkhuku 23. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti zikufazo ndi zikuluzikulu zimene ndimayembekezera kuti zindibwezere ndalama za chakudya. Utuchi wanyowa, chitosi ndi chamadzimadzi, ndipo ndikalowa m'kholamo m'mawa fungo limandilowa m'maso mpaka misozi. Zotsalazo ndaziyeza, zambiri zili pa makilogalamu 1.5 mpaka 1.8.

Mnansi wanga akuti ndi chitopa, ndipo pa sitolo ina ya mankhwala a ziweto anandigulitsa mankhwala opha tizilombo oika m'madzi, koma patha masiku atatu osaona kusintha. Ndikupempha amene mukudziwa mundiunikire ngati vuto langa ndi matenda, kutentha kapena kuchuluka kwa nkhuku m'khola. Ndimaganiza zoika anapiye 400 pakati pa Novembala kuti ndidzagulitse pa Khirisimasi, koma tsopano ndikuchita mantha.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito, Lilongwe, anayankha kuti:

Bambo a ku Nchalo, pepani chifukwa cha nkhuku zimene mwatayazo. Sindingaweruze nkhuku imene sindinaione, choncho ndi bwino kuti mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu atumbule imodzi kapena ziwiri mwa zakufazo. Komabe zimene mwafotokoza zikuloza kwambiri ku kutentha. Chitopa sichisankha ola ndipo sichisankha msinkhu: chimapha m'mawa, masana ndi usiku, zazing'ono ndi zazikulu zomwe, ndipo nthawi zambiri mumaona chitosi chobiriwira, kusinza, kapena khosi lopindika. Nkhuku zikamafa masana okhaokha, zikufazo n'kukhala zonenepa kwambiri, pamene zotsalazo zimatsitsimuka dzuwa likapendeka, woyamba kumukayikira ndi dzuwa.

Nkhuku ilibe thukuta. Thupi lake limatentha pafupifupi madigiri 41 ngakhale ili bwinobwino, ndipo kutenthako kukakwera ndi madigiri anayi kapena asanu okha, imafa. Njira zake zodziziziritsira ndi zochepa: kutambasula mapiko kuti mpweya ufike pakhungu, kutumiza magazi ambiri ku lipombo, kumiyendo ndi kukhungu, kugona pansi pozizira, ndiponso kupuma mwawefuwefu kuti chinyezi chituluke m'kamwa. Kupuma kotereku kuli ndi mtengo wake, chifukwa nkhuku imataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa muyeso, magazi ake amasokonezeka, ndipo mchere wofunika m'thupi monga potassium umatayika. Magazi akathawira kukhungu, matumbo amatsala ndi ochepa, khungu la m'kati mwa matumbo limafooka, chakudya sichilowa bwino m'thupi, ndipo tizilombo timapeza polowera. Ichi n'chifukwa chake nkhuku zanu zikudya pang'ono, ndipo ngakhale chochepa chimene zikudyacho sichikusanduka mnofu monga chinachitira mu Juni.

Mwanapiye wa tsiku limodzi amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33, ndiye m'masabata oyamba nyengo ya ku Chikwawa inali kukuthandizani, mwina simunayatse n'komwe mbaula masana. Koma nkhuku ya masabata asanu imakula bwino pa madigiri 20 kapena 21, pamene m'chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40, ndipo pansi pa malata opanda chotchinga kumaposa pamenepo. Mitundu ya Cobb 500 ndi Ross 308 imene ambiri timaweta inasankhidwa kuti izidya kwambiri ndi kukula msanga, ndipo thupi limene likukula msanga limatulutsa kutentha kochuluka. Nkhuku iliyonse m'khola lanu ili ngati kambaula kakang'ono, ndipo yonenepa ndi imene ili ndi makala ambiri.

Tsopano tiyeni tiwerengetsere, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Khola lanu ndi masikweya mita 20. Nkhuku 300 m'malo otere ndiye kuti 15 pa sikweya mita iliyonse. Alimi ambiri amawerenga mitu ya nkhuku tsiku limene agula anapiye, pamene khola limaoneka lalikulu ngati bwalo la mpira, n'kuiwala kuti choyenera kuwerenga ndi makilogalamu a tsiku logulitsa. Nkhuku 15 za makilogalamu 1.8 ndi makilogalamu 27 pa sikweya mita. Malangizo a amene amaweta mtundu wa Ross amanena kuti m'khola lotsegula m'mbali, lopanda makina oziziritsa, musapitirire makilogalamu 20 mpaka 25 pa sikweya mita, ndipo m'miyezi yotentha kwambiri mutsike mpaka 16 kapena 18. Mwa kuwerengetsera kumeneku, khola lanu m'nyengo ino likuyenera kusunga makilogalamu osaposa 360, omwe ndi nkhuku 180 za makilogalamu awiri. Mwina mudzawerenga kuti lamulo la mu 2007 la European Union, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, limalola makilogalamu 33 pa sikweya mita, ngakhale mpaka 42 ngati mlimi wakwaniritsa zofunika zina, koma amenewo ndi makola a mafani akuluakulu ndi makina oyeza mpweya usana ndi usiku, osati khola la mawindo awiri ku Nchalo.

Mu Juni munapulumuka chifukwa chisanu chinakwirira cholakwacho. Nkhuku zinali zothithikana ndithu, koma mpweya wozizira unkachotsa kutentha kwake. Lero kuthithikana komweko kukutanthauza kuti nkhuku ilibe malo otambasulira mapiko, mbali zonse yakhudzana ndi inzake yotentha ngati iyo yomwe, pansi pake pali utuchi wofunda, ndipo yofooka singadutse kuti ikafike pamadzi. Choncho funso lanu loti ndi kutentha kapena kuchuluka lilibe yankho limodzi, chifukwa ziwirizi zikugwirira ntchito pamodzi, ndipo chimene mungachisinthe lero lomwe ndi kuchulukako. Gulitsani zazikulu zonse mawa m'mamawa, ngakhale pamtengo wotsikirapo, kuti zotsalazo zipume. Mankhwala opha tizilombo amene munagulawo sachiza kutentha, ndipo dziwani kuti nkhuku imene yamwa mankhwala otere siyenera kugulitsidwa kuti idyedwe masiku olembedwa papaketi asanathe, ndiye werengani papaketipo musanaitane ogula.

Mayi woweta nkhuku ku Salima anayankha kuti:

Achimwene, zimene alangizi anenazi ndi zoona, ndipo ine ndinaziphunzira nditalira kale. Ndikufuna ndiwonjezepo za khola ndi madzi, chifukwa mawindo awiri mbali imodzi ndi ochepa kwambiri kwa inu a m'chigwa. Mphepo imafuna polowera ndi potulukira. Khola langa loyamba linali ngati lanu, ndipo ndinachita kugumula makoma aatali awiriwo n'kusiya njerwa zofika m'mawondo, pamwamba ponse n'kuika waya mpaka kudenga. Masaka ndimatchinga usiku okha pamene anapiye ali aang'ono, akangokwana masabata atatu ndimachotseratu. Amene akumanga khola latsopano aonetsetse kuti litali lake laloza kum'mawa ndi kumadzulo, kuti dzuwa liziyenda pamwamba pa denga osalowa m'mbali, ndipo denga lituluke ndithu kunja kwa khoma kuti lipereke mthunzi.

Malata ndi amene amawotcha nkhuku. Ine ndinayala udzu wofolera pamwamba pa malata, ndipo tsiku lomwelo ndinamva kusintha nditangolowa. Ena amapaka laimu pamalata kuti ayere, ndipo zimathandiza, koma mvula yoyamba imatsuka. Udzu ndi wotchipa ndipo kumudzi sumasowa.

Za madzi ndi zimene ambiri timalakwitsa. Chigubu chikakhala padzuwa kuyambira m'mawa, pofika masana madziwo amakhala ofunda ngati osamba, ndipo nkhuku imangolawa n'kusiya pamene ikufunika kumwa kwambiri. Ine ndimasunga madzi m'mitsuko ikuluikulu pansi pa mtengo wa mango, ndipo masiku otentha ndimasintha madzi m'zomwera katatu kapena kanayi. Zomwera ndinawonjezera kuti nkhuku isayende mtunda kukafuna madzi, chifukwa yonenepa ikatopa imangokhala pomwe ili mpaka kufa, madzi ali poteropo. Ndimaikamonso mavitamini ndi mchere wa nkhuku wa m'mapaketi, umene uli ndi vitamini C, motsatira muyeso wolembedwa. Chinanso chimene ndimachita ndi kuyenda pang'onopang'ono m'khola masana kuti zimene zagona zidzuke, kutentha kumene kwaunjikana pansi pa chifuwa kuchoke, ndipo zikadzuka zambiri zimapita kukamwa. Koma muziyenda mofatsa, chifukwa mukazidzidzimutsa zimaunjikana pakona n'kupanikizana.

Pa chakudya, m'sabata yachinayi kupita m'tsogolo ine ndimakweza zodyera cha m'ma 9 koloko m'mawa n'kuzitsitsa cha m'ma 4 koloko madzulo. Chakudya chikamagayika m'thupi chimatulutsa kutentha, ndiye nkhuku imene yakhuta m'mawa imakumana ndi moto uwiri masana, wa dzuwa ndi wa m'mimba. Usiku ndimayatsa nyale za sola kuti zidye kunja kutazizira, popeza magetsi sitingawadalire masiku onse.

Chenjezo langa ndi lokhudza kuwaza madzi. Mu Okutobala mpweya uli wouma, kuthira madzi padenga kapena kupachika masaka onyowa kumbali yochokera mphepo kumaziziritsa ndithu. Koma mvula ikayamba, kuno kunyanja mu Disembala ndi Januwale mpweya umadzaza chinyezi, ndipo kupuma kwawefuwefu kuja sikuithandizanso nkhuku, chifukwa chinyezi cha m'kamwa mwake chilibe kopita. Mukawaza madzi m'khola nthawi imeneyo mukungowonjezera vuto ndi kunyowetsa utuchi. Nkhuku za pa Khirisimasi zimakhwimira m'nyengo imeneyi, ndiye maganizo a anapiye 400 aja muwaunikenso.

Mlimi wa ku Nchalo analembanso kuti:

Zikomo kwambiri bambo alangizi ndi inu mayi a ku Salima. Masamu a makilogalamu aja andichititsa manyazi, chifukwa ine ndinkawerenga mitu basi. Koma ndili ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba ndi yakuti ndikachotsa chakudya maola asanu ndi awiri tsiku lililonse, kodi nkhuku zimene zachedwa kale kukula sizidzachedwa kwambiri? Yachiwiri ndi yakuti ndikaweta nkhuku 180 m'malo mwa 300, ndikuona ngati phindu lichepa kwambiri moti ntchitoyo sikhalanso ndi tanthauzo. Ndifunsenso za utuchi wonyowawu, ngati ndiyenera kuuchotsa wonse nkhuku zili momwemo kapena ndingothira wina pamwamba.

Woweta nkhuku wa ku Chipata, Zambia, anayankha kuti:

Akulu a ku Nchalo, pa nkhawa yanu yoyamba ndinena mosabisa kuti kuchotsa chakudya masana kungathe kuchedwetsa kukula pang'ono, makamaka ngati usiku mulibe nyale. Apa ndikusiyana pang'ono ndi mayi a ku Salima, chifukwa ine sindichita zimenezi tsiku lililonse. Ndimachita pa masiku okhawo amene kwacha ndi dzuwa loopsa ndiponso pa nkhuku zopitirira masabata anayi. Komabe taganizani kuti nkhuku zanu panopa sizikudya kale masana, mwanena nokha, ndipo zimene zimalimba mtima n'kudya ndi zomwe mukuzitola. Kuchedwa masiku awiri kapena atatu kuli bwino kusiyana ndi kukwirira nkhuku imene yadya chakudya cha masabata asanu. Mukamabwezera zodyera madzulo, onetsetsani kuti ndi zokwanira, chifukwa nkhuku zanjala zimakwerana ndi kukandana pamsana, ndipo mabala amenewo amatsitsa mtengo pamsika.

Pa nkhani ya phindu, werengani ndalama zimene zimalowa m'matumba a chakudya, chifukwa pa nkhuku zanyama chakudya ndi chimene chimadya gawo lalikulu la ndalama zonse. Nkhuku imene yafa m'sabata yachisanu yapita ndi mtengo wa mwanapiye, katemera, makala ndi pafupifupi chakudya chake chonse, ndipo pamafunika phindu la nkhuku zingapo zamoyo kuti mubweze imodziyo. Zamoyozo nazonso zikakhala pa kutentha ndi kuthithikana zimafuna chakudya chambiri kuti zipange kilogalamu imodzi, zimakula mosiyanasiyana, ndipo ogula amasankha zazikulu n'kukusiyirani tating'ono timene muzidyetsabe sabata ina. Ngati 180 ikukuchepera, pali njira ina: ikani zochulukirapo pang'ono, koma mugwirizane ndi ogula pasadakhale kuti gawo lina mudzagulitsa kumapeto kwa sabata yachinayi zili zopepuka, monga zimene a malo odyera ndi ootcha nyama amakonda, kuti makilogalamu a m'khola asapitirire muyeso uja pa tsiku lina lililonse. Choopsa chake n'chakuti wogula akakulepherani, mumabwerera m'vuto lomweli.

Utuchi wonyowa musaunyalanyaze. Nkhuku pa kutentha imamwa madzi ambiri. Malangizo amati madzi ofunika amakwera ndi pafupifupi 6.5 peresenti pa digiri iliyonse yopitirira 21, ndiye pa madigiri 35 nkhuku imamwa pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo madzi onsewo amathera pansi. Fungo limene likukutulutsani misozi ndi mpweya wa ammonia wochokera m'chitosi, ndipo ngati inu woimirira mukuumva, nkhuku imene mphuno yake ili pafupi ndi utuchi ikuupuma usana ndi usiku. Mpweya umenewu umawononga njira ya mpweya ndi maso, n'kutsegulira khomo chifuwa ndi chimfine. Utuchi wonyowa umawotchanso mapazi ndi chifuwa mpaka zilonda, ndiponso ndi mmene tizilombo ta coccidiosis, matenda a chitosi chamagazi, timakhwimira. Chotsani ndi fosholo malo onse amene agwirana ngati chikondamoyo, makamaka mozungulira zomwera, muikepo wouma, ndipo muchite zimenezi m'mamawa kusanatenthe. Kungothira wina pamwamba kumabisa vuto, ndipo utuchi wokhuthala kwambiri umasunga kutentha. Mankhusu a mpunga nawonso amagwira ntchito bwino ngati mungawapeze pachigayo.

Mnansi wanu amene akunena za chitopa musamunyoze kotheratu. Kutentha kwa masiku ambiri pamodzi ndi kuthithikana kumafooketsa chitetezo cha m'thupi la nkhuku, kotero kuti ngakhale yolandira katemera imatha kugwidwa ndi matenda amene ikanawapirira. Katemera weniweniyo amafa akakhala pamalo otentha kapena akasungunulidwa m'madzi ofunda, n'chifukwa chake m'chilimwe tiyenera kumunyamula m'chidebe chozizira ndi kumupereka m'bandakucha. Mukadzaona kuti zayamba kufa usiku kapena m'mawa, kapena zazing'ono nazo zayamba kugwa, dziwani kuti kwalowa china ndipo muitane alangizi msanga.

Ndiwonjezere kuti anzathu ena a m'chigwa cha Luangwa, kumene kumatentha ngati kwanuko, amangosiya nkhuku zanyama m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala n'kumaweta zolimba. Kwanu muli ndi nkhuku za Mikolongwe, komanso zachikuda monga kameta, imene khosi lake lopanda nthenga limaithandiza kutaya kutentha. Sizikula m'masabata asanu ndi limodzi, koma sizigwa masana ngati izi.

Mlimi wa ku Nchalo analemba patatha sabata imodzi kuti:

Ndabwera kudzapereka lipoti kwa inu nonse amene munandithandiza. Mankhwala aja ndinasiya tsiku lomwelo, ndipo podikira kuti masiku olembedwa papaketi athe, ndinasamutsira nkhuku 90 zazikulu m'chisakasa cha udzu chimene ndinatchinga ndi waya pansi pa mitengo ya nimu kuseri kwa nyumba. Alangizi a kuno anabwera n'kutumbula ziwiri, ndipo ananena kuti sanaone zizindikiro za chitopa. Ndinagumula khoma la kumbuyo mpaka m'chiuno n'kuika waya, ana anandithandiza kuyala udzu pamalata, ndinagula zomwera zina zinayi, ndipo utuchi wogwirana ndinachotsa mawilibala asanu ndi limodzi. Tsiku loyamba zinafa ziwiri, lachiwiri imodzi, ndipo kuyambira pamenepo sindinatolenso yakufa, ngakhale kuti masana zikupumabe mwawefuwefu ndithu.

Za m'chisakasa zija ndagulitsa dzulo m'bandakucha, ndipo ndinakana wogula wina amene amafuna kuzinyamula panjinga 1 koloko masana zitapanikizana m'dengu. Zotsala m'khola zayambanso kudya bwino usiku, koma ndikuona kuti zifika makilogalamu awiri mochedwa ndi sabata yathunthu poyerekeza ndi za mu Juni, ndipo zingapo zili ndi zilonda kumapazi zimene ndikukayika ngati zipole ndisanagulitse. Za Khirisimasi ndalembetsa anapiye 180. Mayi a ku Salima, ndikupempha mundiuze ngati udzu wa pamalatawo mumausiya mvula ikayamba kapena mumauchotsa, chifukwa ndikuopa kuti ukanyowa ungadyetse malata dzimbiri.